Makina a Asiyatu ankasochera akabwera Che Mussa

Sendezani mipando kuno, anzanga, mumve zimene ndaona pa Balaka sabata ino. Mtima ukadali kudumpha!

Mdzukulu wanga Asiyatu ali ndi makina osema matabwa. Anachita kulumikiza yekha kuseri kwa nyumba, chitsulo ndi chitsulo. Amajambula duwa pa kompyuta, kenako kachitsulo konga msomali n'kumathamanga pathabwa popanda dzanja la munthu, utuchi uli fuu! Duwa lija n'kutuluka pa mlombwa. Tsiku loyamba ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika.

Koma makina aja anayamba kusochera. Duwa liyambe bwino, pakatikati kachitsulo n'kuphonya njira, masamba n'kukwerana. Thabwa la chitseko cha eni ake n'kuonongeka.

Mwamuna wake, Yusufu, ndiye anabwera nayo nkhani.

"Anganga, mwaona? Amasochera pokhapokha akabwera Che Mussa."

Che Mussa ndi kalipentala wokalamba wa kutsidya kwa msewu. Akachoka kumzikiti masana ankadzakhala pabenchi n'kumaonerera, kukamwa kuli yasa. Ndipo zinali zoona: iwo kulibe, duwa labwino; iwo akhala, duwa lapindika.

Mukudziwa mmene mawu otere amayendera kwathu kuno. Amayi a pamjigo anaugamula mlandu ndowa zisanadzaze: nkhalamba ili ndi nsanje, makina aiphera msika, ikuwalodza ndi maso. Anthu anasiya kuwapatsa moni Che Mussa. Anyamata ena anayamba kunena zokawaona kunyumba kwawo. Ife a imvi timadziwa kumene nkhani zotere zimathera.

Asiyatu anati, "Iyayi. Ndisanaloze munthu chala, ndiyambe ndawafunsa makinawa."

Anaika kadontho ka pensulo pamene kachitsulo kanaima, n'kukatuma kutali, n'kukaitananso. Kanabwerera pakadontho pomwepo. Anakoka malamba kuti aone ngati akhwepa. Anamanga masikuluwu, napukuta utuchi m'njira zake. Akakhudza chinthu chimodzi, ayese kaye, kenako china. Vuto osalipeza.

Ndiye anawoloka msewu yekha, masana, anthu akuona.

"Che Mussa, tiyeni mukakhale pabenchi panu paja."

"Mwana wanga, zimene akunenazi ndazimva. Ndisiye."

"N'chifukwa chake ndabwera. Tiyeni."

Anabwera, mutu uli pansi, anthu ali mbweee pambuyo. Asiyatu anayendetsa makina, nkhalamba ili pompo. Duwa linatuluka loongoka, masamba onse m'malo mwake! Ine ndinaiwala za bondo langa, ndinavina.

Pamenepo Asiyatu anawomba m'manja, natembenukira kwa mwamuna wake.

"Dikirani! Pajatu akabwera alendowa ine ndimapita kukawaterekera tiyi. Pakompyuta mumatsala ndinu. Bambo a Shakira, tayendetsani monga mumachitira."

Yusufu anadina. Makina analira ngati mbuzi yokoledwa m'chingwe, khrrr! Kachitsulo n'kuphonya njira, tonse tikuona.

"Mwadina chiyani?"

"Ndangoonjezera liwiro pang'ono."

"Pang'ono? Chifukwa?"

"Kuti madalawa aone kuti awa si tchizulo."

Anthu anafa nako kuseka. Asiyatu anatifotokozera kuti mota ukaithamangitsa m'thabwa louma imalephera kukankha, imatsalira m'mbuyo, koma kompyuta sidziwa. Iyo imangopitiriza ngati zonse zili bwino, duwa lonse n'kusendera.

Che Mussa anapukuta misozi ya phwete, nati, "Che Yusufu, chalacho mukachionetse kwa asing'anga. Mankhwala ali pamenepo."

Taonani tsono, anzanga. Yusufu sananame. Makina ankasocheradi akabwera Che Mussa. Koma kodi tambala akalira, dzuwa n'kutuluka, ndiye kuti walitulutsa ndi iyeyo? Mvula ikachedwa, mwana akadwala, njinga yamoto ikagwa, ife timathamangira kufunsa kuti, "Wadutsa pano ndani?" Ndipo wodutsayo sakhala wa galimoto ayi. Amakhala wa ndodo, woti sangathawe. Bwanji osafunsako kuti, "Ine ndimachita chiyani iyeyu akamadutsa?" Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako ndakuona kwa mwana amene ndinamubereka kumsana.

Lero Asiyatu wasema chitseko china, mwini wake wachinyamula akumwetulira. Yusufu akaona mlendo amathamangira yekha kukhitchini, ndipo tiyi wake ndi wamadzimadzi. Amayi a pamjigo akuti iwo sananenepo kanthu, ankangomva. Anyamata aja akusewera bawo ngati sizinachitike. Che Mussa moni wawo wabwerera, koma woti wapita kukawapepesa sindinamuone, ndipo nkhalambayo pabenchi paja sinabwerenso.

Asiyatu akanapanda kuwoloka msewu uja, inu bwenzi muli mbali iti ya khamulo?