Mtchona wa ku Kabwe ndi Makolo a Azungu Ake

Ndikukumbukira tsiku limene a Lufeyo anafika kwathu ku Dedza, chifukwa ndine ndinayamba kuwaona. Kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni, kuja koti zala zimakana kumanga mfundo ya chitenje. Kuzizira kumeneko ndimakulakalaka masiku ano ku Doha kuno, kumene ngakhale madzi a pampopi amatuluka otentha. Ndinali sitandade folo, ndipo ndinkaingitsa nkhuku pa mphale imene amayi anayanika. Nditadzutsa mutu ndinaona bambo wokalamba ataima m'mphepete mwa bwalo, atavala jasi lalitali lakuda ndi chipewa, m'manja muli sutikesi yomangidwa ndi mphira wa njinga.

Anandipatsa moni waulemu ngati ndine munthu wamkulu, Chichewa chawo chitasakanikirana ndi Chibemba. Kenako anafunsa ngati pamenepo panali pa Esitere. Dzina limeneli ndinali nditangoliwerenga pamtanda kumanda, sindinalimvepo likutuluka pakamwa pa munthu. Esitere anali agogo anga obala amayi, ndipo anali atatisiya dzinja la chaka chinacho. Nditawauza, anakhala pasutikesi paja, n'kuvula chipewa, n'kumangoyang'ana nkhuku zikutha mphale ya amayi. Ine ndinaiwala zoingitsa.

Iwo anati ndi mlongo wake wa agogo. Anachoka ali kamnyamata, kutsatira azibambo opita kumigodi, ndipo anakathera ku Kabwe. Kuti kunali wina wa m'banja mwathu amene anatchona tinkamva ndithu, koma amene akanamudziwa nkhope tinkati onse anagona kale. Wotsala woti aweruze anali amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Amenewo pakamwa pawo panali tsabola wa kambuzi, ndipo ndimavomera kuti ine ndinatengera komweko. Koma musawaweruze msanga. Zaka za m'mbuyomo kunabwera wina wochokera ku Harare, naye akuti ndi wathu. Anadya nkhuku mwezi wathunthu, n'kusowa pamodzi ndi mbuzi ziwiri. Komanso a Lufeyo akanavomerezedwa, ndiye kuti ndi malume, mwini mbumba, woti mawu awo amveke pa dimba la mbatata limene linkatidyetsa tonse.

"Mlendo sathamangitsidwa," anatero amayi aakulu. "Koma umalume satola panjira. Agone uko kaye, tikakumba mbatata tidzakhala pansi."

Anawapatsa kanyumba kosungiramo mbewu kuseri kwa khola, ndipo ine ndinkawapititsira chakudya. Ankasesa kanyumbako ngati kukubwera bishopu. Supuni ankaipukuta asanadye, kapu ankaiyang'ana padzuwa. Anandiuza kuti kumgodi sanalowe pansi. Anakhala khukhi wa banja la azungu, a Penivosi, kuyambira ali mnyamata wotsuka mbale mpaka imvi.

A Penivosi amenewo, abale anga, a Lufeyo ankawadziwa ngati chikhatho chawo. Ankati kwawo kwenikweni ndi ku Cornwall, kumapeto kwa dziko la Mangalande, kumene nthaka imathera m'nyanja ndipo anthu ake amabadwa ali akumgodi. Woyamba anali Wiliyamu wamkulu, wokumba miyala ya chitsulo cha tini, amene anafa ndi chifuwa cha fumbi. Migodi ya kumeneko itayamba kutsekedwa, mwana wake Yosiya anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Joni kukakumba golide, n'kusiya mlongo wake Jeneti akulira padoko. Yosiya anabala Tomasi, amene anasamukira ku Kabwe, ndipo ameneyo ndiye anali bwana wawo. Tomasi anabala Wiliyamu wamng'ono ndi Mere. Wiliyamu wamng'onoyo a Lufeyo anamubereka kumsana, n'kudzamuphikiranso keke ya ukwati, mpaka banja lonse linanyamuka kupita ku Australia. Ankadziwa amene anakwatira kwa yani, amene anafa ali khanda, amene ankamwa mobisa. Onsewo zithunzi zawo zinali pakhoma la chipinda chodyera, ndipo iwo ankazipukuta fumbi m'mawa uliwonse, dona akuwauza kuti uyu ndi uje, uyu ndi uje.

Ine mayinawo anandilowa ngati nyimbo ya fulaye. Ndinkawatchula potunga madzi, mpaka amayi anandifunsa ngati a Penivosiwo adzandilembere mayeso.

Tsiku lina a Lufeyo anandituma kugolosale kukagula ufa watirigu. Anadula nyama ya mbuzi tizidutswa, mbatata ndi anyezi, n'kuzikulunga mu mtanda wa ufa uja, kenako n'kupinda m'mphepete ndi zala mofulumira ngati akuluka tsitsi. Anaphikira mumphika, makala pansi, makala pachivundikiro. Fungo lake linatulutsa ana onse a m'mudzi. Anati chimenecho n'chakudya cha akumgodi a ku Cornwall. Munthu amagwira kopindako ndi manja akuda, akadya n'kuponya kachidutswako mumdima kuti mizimu ya mumgodi idye, isamugwetsere miyala. Ndinaseka kwambiri kumva kuti azungu nawo amathira nsembe. Amayi aakulu anakana kulawa, ati sadya zokulungakulunga zosaoneka m'kati. Amayi anga ndinawapeza akudyera kuseri kwa nkhokwe, choimirira, mafuta ali kukamwa.

Mbatata zitakumbidwa, tsiku lija linafika. Anthu a mbumba yathu anakhala pakhonde la amayi aakulu, ena pamikeka. A Lufeyo anabwera atasita malaya ndi ayironi ya makala yobwereka. Ine ndinakhala pafupi ndi mtondo, mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkafuna ndithu kuti akhale athu.

Amayi aakulu sanazungulire. Anati dzina la Esitere aliyense angaliwerenge kumanda, choncho atchule dzina la amayi awo owabala.

"Anali a Nabanda," anayankha a Lufeyo.

"A Nabanda ndi theka la mudzi uno. Ndikufunsa dzina lawo la ubwana. Nanga amayi awo a iwowo anali ndani?"

A Lufeyo anayang'ana zala zawo. "Tinkangoti agogo."

Ankanena zoona, ndipo aliyense pamenepo akanayenera kudziwa. Kwathu mwana satchula dzina la munthu wamkulu, salifunsa n'komwe. Mayina a makolo umawamva utakula, pamaliro, pachinkhoswe, pokambirana za minda, akuluakulu akayamba kukuona kuti ndiwe munthu. Iwo anachoka asanafike pamenepo. Amayi aakulu anawafunsa za mtengo umene unali pakhomo pa amayi awo, iwo anatchula mkuyu, koma mudzi unali utasamuka kuchoka kutsidya la dambo ndipo mkuyuwo palibe ankaukumbukira. Anatchula anzawo osewera nawo, onse akumanda. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwawo kunja kukuzizira.

Kenako anachita chinthu chimene chimandipwetekabe mpaka lero. Pofuna kuonetsa kuti mutu wawo ndi wabwino, kuti si munthu woiwala kapena wabodza, anaimirira n'kuyamba kutchula a Penivosi. Wiliyamu wamkulu, Yosiya, Jeneti wolira padoko, onse mwandondomeko, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Anthu anayamba kuseka. Wina anabisa nkhope m'chitenje. Ine milomo yanga inkatsatira mayinawo payokha, misozi ikutsika.

"Ndiye pitani kwa a Penivosiwo, bambo," anatero amayi aakulu. "Zikuoneka kuti abale anu ndi amenewo."

Amayi anga sanawaikire kumbuyo a Lufeyo. Anali wamng'ono pa awiriwo, ndipo pamaso pa akulu awo ankangoyang'ana pansi.

Palibe anawathamangitsa. Anauzidwa kuti angathe kukhalabe m'kanyumba kaja ngati mlendo. Koma iwo sanabwerere kudzakhala mlendo, popeza anali atakhala kale mlendo moyo wawo wonse. Ankafuna kuti akadzafa adzagone pafupi ndi amayi awo. Patapita masiku ochepa anamanganso sutikesi ndi mphira uja. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Anandiuza kuti ku Kabweko mkazi wawo anamwalira, ndipo ana anapita kuchikazi monga mwa mwambo, koma akapezako pogona. Basi itabwera anandigwira pamutu n'kukwera.

Mvula yoyamba itagwa, kunabwera a Nasibeko, gogo wa kutsidya amene anakhala chaka chonse kwa mwana wawo ku Zomba akuchiritsa maso. Anafika pakhomo pathu ndi ndodo, asanapume n'komwe, ati amva kuti kunabwera munthu wodzitcha Lufeyo.

"Khutu lake lakumanzere linali lodukako kumwamba?" anafunsa. "Analumidwa ndi galu wa bambo anga akuba mapichesi. Ndinalipo ine, ndinkamugwirira nsengwa."

Khutu limenelo tonse tinaliona, tinkangoti ndi za kumigodi. Amayi aakulu analowa m'nyumba ndipo sanatuluke mpaka madzulo. Pambuyo pake anatumiza mawu kudzera kwa anthu a malonda opita ku Zambia, anafunsa kumipingo, koma Kabwe si mudzi woti ungafunse pachitsime. Sitinamvenso za iwo. Kumene anagona sitikudziwa.

Pano ndine mayi wamkulu, ndimagwira ntchito m'nyumba ina ku Al Markhiya, ku Doha konkuno. Ndinabwera pa kontirakiti ya zaka ziwiri, koma ndakhala ndikuiwonjezera mpaka ndasiya kulonjeza kumudzi za tsiku lobwerera. Kamnyamata kamene ndimalera kuno akukaphunzitsa kutchula makolo ake, uje mwana wa uje, mwana wa uje, mpaka kwa amene ankakhala m'matenti. Bambo ake akati yalla, ndiye kuti tiye, iko n'kuyamba, ndipo kakakakamira ndimakanong'oneza ndine ndili kusinki. Tsiku lina madamu anaseka, ati ndimawadziwa makolo a amuna awo kuposa iwo. Ine sindinaseke. Ndinazimitsa mpopi n'kuyesa kutchula anga, ndipo ndinathera pa Esitere.

Zinthu zasintha, inde. A Lufeyo analibe foni, ife tili ndi magulu a pa WhatsApp a banja lonse, zithunzi za maliro zimatipeza mtembo usanatuluke m'nyumba. Lachisanu pa ofu timakumana ku Najma, dera la mashopu, ndi anzanga a ku Malawi ndi ku Chipata, n'kumauzana kuti ife sitingatchone. Koma ana a mng'ono wanga amandidziwa ngati anti a pafoni otumiza zovala. Amayi aakulu anapita. A Nasibeko anapita kalekale. Ine khutu langa ndi lathunthu, ndilibe ndi chipsera chomwe choti wina adzandikumbukire nacho.

Ndiye Lachisanu lapitali ndinakhala pamthunzi kuseri kwa shopu ina ku Najma n'kuimbira amayi. Ndinawauza kuti anditchulire mayina a makolo athu akuchikazi, onse amene akuwadziwa.

"Iwe, wayamba misala kumeneko? Mwana amafunsa zimenezo?"

"Amayi, ndili ndi imvi. Mukuyembekeza kuti ndidzamve pamaliro anu?"

Anadandaula pang'ono za mwano wanga, ati ndi wa akulu awo ndendende. Kenako anatsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera, n'kuyamba. Esitere anabadwa kwa Tikhalenawo. Tikhalenawo anabadwa kwa Mwandida, amene anachokera kuphiri nthawi ya nkhondo. Ndinkabwereza dzina lililonse mokweza, anthu odutsa akundiyang'ana. Anatchula ana a Mwandida, n'kubwera kwa ana a Tikhalenawo, amene anafa ali aang'ono ndi amene anakula. Atafika pa Esitere anaima. Ndinkangomva tambala wa kwathu akulira kumbuyo kwawo, ndipo ndinaganiza kuti netiweki yadula.

"Ndi Lufeyo," anatero amayi. "Usadzawasiye amenewo. Anali amalume anga."