Fungo la petulo mu thanki yotsuka kale

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai anandipezera ndi mlongo wanga Esinati, amene ankalera ana panyumba ina ku Al Warqa. Tsiku lina anamva abwana ake akunena kuti pagaraja pomwe amakonzetsa galimoto zawo zam'chipululu pakufunika munthu wodziwa kuwotcherera. Esinati ndi wamanyazi, koma tsiku limenelo anadzilimbitsa mtima, anatulutsa foni n'kuwaonetsa kavidiyo kanga ndikuwotcherera chesisi ya minibasi ku Ndirande. Mapepala anayenda, ine n'kukwera ndege. Pondilandira sanachulutse mawu. Anati, "Achimwene, chonde musadzandichititse manyazi. Kuno munthu umangoti inde, basi."

Garajayo inali kunja kwa tawuni, komwe nyumba zimathera mchenga n'kuyamba. Tinkakonza mabage. Bage ndi kagalimoto kopanda zitseko ndi magalasi, mapaipi achitsulo okhaokha, matayala akuluakulu, injini kumbuyo. Alendo amakwera timeneti n'kumadumpha nato milu ya mchenga ngati kuti mawa kulibe, ndiye madzulo timabwera titapindika, mabawuti atamasuka, mchenga uli mpaka m'malo oti simungaganize. Ine poyamba ndinkangoti iyi ndi misala ya anthu okhuta. Koma misala imeneyo ndi yomwe inkatipatsa ntchito.

Mkulu wathu anali Ustadi Karimu, bambo wa ku Pakisitani wandevu zopaka hena, zofiira ngati njerwa. Ustadi kwawo ndiye kuti mmisiri wamkulu. Dzina langa ndine Dalitso koma iwo linawakanika tsiku loyamba lomwe, anangondisandutsa Malawi. "Malawi, yala, bweretsa sipanala." "Malawi, khalasi, siya zimenezo." Yala ndiye kuti fulumira, khalasi ndiye kuti basi. Kuwotcherera aluminiyamu ndinakuphunzira m'manja mwawo, chifukwa kwathu ndinazolowera chitsulo ndi marodi. Iwo ankagwiritsa makina a gasi wa agoni, ndipo mzere wawo unkatuluka wosalala moti umachita kufuna kuusisita.

Ine ndinakulira m'manja mwa amalume anga, pagaraja pawo. Kumeneko wamkulu sumamuuza kuti walakwitsa. Ukaona kuti akulowera kutchire umayamba patali, manja uli kumbuyo: mwina, kaya, kapena n'kuona kwanga. Iye amamva yekha, amakonza, aliyense nkhope yake ili bwinobwino. Khalidwe limenelo ndinafika nalo ku Dubai lonse lathunthu, kuphatikizapo mawu a Esinati aja. Mulenga, dalaivala wa ku Zambia amene ankayendetsa galimoto yokoka mabage ofera m'chipululu, ankandiseka nazo. "Mudala, kuno sibamvela vozunguluka. Kamba chabe." Ine ndinkangoti uyu ndi wopanda mwambo.

Thanki yodontha ili ndi kakonzedwe kake, ndipo Ustadi sankalola kudumpha. Umayamba wachotsa waya wa batire. Petulo umamupopa ndi pampu yapamanja, osati yamagetsi. Ukamasula malamba ndi mapaipi, thanki umaitulutsa panja, umatseka mabowo onse, umalowetsa mpweya pang'ono kuchokera ku kompuresa, kenako umaipaka madzi a sopo. Pomwe pakutuluka thovu ndi pomwe pali mng'alu, umazunguliza ndi maka. Ndiye kutsuka: madzi otentha ndi sopo, kukhutchumula, kutaya, kubwereza mpaka madzi azituluka oyera, kenako kuumitsa ndi mpweya. Kumapeto kwa mng'alu, uku ndi uku, umaboola tizibowo ndi dirilo kuti usapitirire kung'ambika. Chomaliza ndi mita, kachipangizo kokhala ndi kapaipi komwe umalowetsa mkati. Mukakhala mpweya wa petulo kamalira. Anthu ambiri amaopa thanki yodzaza, koma yoopsa kwenikweni ndi yopanda kanthu, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wotsalirawo.

Tsiku lovuta linafika nyengo yozizira, alendo ali mbwee, ine ndisanamalize miyezi yoyesedwa ntchito. Ustadi ankanyamuka m'mawa mwake kupita kwawo kukakwatitsa mwana wawo wamkazi. Sabata yonse ankangotionetsa zithunzi za nsalu ndi zibangili, munthu wosaseka uja mano ali panja. Ankafuna kusiya garaja yopanda chotsala.

M'mawa kunabwera bage ya kasitomala wina, Mwarabu wachinyamata amene anaigula kwa munthu. Pansi pake pankadontha petulo, pafupi ndithu ndi ekizozi. "Ndikuifuna madzulo, habibi, anzanga akundidikira," anatero n'kumapita. Thanki yake sinali ya kufakitale, inali ya aluminiyamu yochita kupangitsa, mbali imodzi atamatapo rabala wakuda kuti isamakhuzane ndi fulemu. Ndinachita zonse mwa dongosolo lake. Mng'alu ndinaupeza pakona yapansi, wautali ngati chala. Ndinatsuka mpaka mikono kuwawa, madzi akutuluka oti ukhoza kuchapira malaya oyera.

Poboola kabowo kachiwiri m'pamene ndinamva. Fungo la petulo linatuluka pakabowo paja, osati lakale lotsalira m'chitsulo ayi, laliwisi. Ndinaika chala, chinanyowa pang'ono. Ndinapita kukatenga mita m'kabati, mulibe. Mulenga anali ataitenga m'bandakucha kupita nayo kuchipululu komwe bage ina inagubuduzika, ndipo sankayembekezeka mpaka masana.

Ustadi anabwera atanyamula chipewa chowotcherera. Ndinawauza za mita. Anawerama, anaika mphuno pakamwa pa thanki, anakoka mpweya, n'kudzuka. "Yayera. Yala, ika patebulo."

Abale, mutu unandiima. Munthu amene wagwira mathanki kuyambira ine ndisanabadwe wanunkhiza yekha n'kuti yayera, ndiye ine wa dzana lomweli ndinene kuti chiyani? Ndinaika thanki patebulo, manja ndinaika kumbuyo.

"Ustadi, mwina bwenzi titaitsukanso kamodzi, kaya."

"Watsuka kapena sunatsuke?"

"Ndatsuka."

"Ndiye vuto n'chiyani? Gwira apa."

Anakolekera kutebulo waya wobweza magetsi, anatsegula gasi, anapukuta mng'alu ndi burashi yawaya. Ndinayesanso njira ina, yomwe kwa amalume inkagwira nthawi zonse.

"Ustadi, dzuwa lakwera, mwagwira ntchito kuyambira m'mawa. Bwanji mumwe kaye tiyi, mwina Mulenga atipeza."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ndakuuza kuti ndatopa? Malawi, lero uli ndi ulesi." Anatsitsa chipewa kumaso.

Zimene zinkayenda m'mutu mwanga ndikuzikumbuka bwino. Ndinaona Esinati akuitanidwa ndi abwana ake kuti m'bale wako uja ndi wamwano. Ndinadziona ndikutsika basi ku Ndirande ndi kachikwama komwe ndinapita nako. Ndinaganizanso kuti mwina mphuno yanga ikunama, mwina fungo lili m'manja mwangamu. Koma nkhope ya Ustadi inali itayandikira thanki, chifuwa chawo chitatsamira tebulo, ndevu zija zikuonekera pansi pa chipewa. Tochi yawo yowotcherera inali itatsala pang'ono kukhudza chitsulo.

Ndinawagwira dzanja. Ine, kugwira dzanja la munthu wamsinkhu wa bambo anga n'kulikokera kumbali. Ndi dzanja linalo ndinamenya switchi yapakhoma.

"Muli petulo umo!"

Makina anazima, fani yake inapita ikuchepa mphamvu mpaka zii. Anzathu amene ankamasula matayala anaima, masipanala ali m'manja. Ustadi anakweza chipewa pang'onopang'ono, anayang'ana dzanja langa lomwe linali likadali padzanja lawo. Ndinalichotsa. Pakamwa panali patatseguka kale.

"Ukuti chiyani?"

"Muli petulo. Ndikumva fungo pakabowo apa. Simuwotcherera thanki imeneyi."

Ndinadikira kuti anene kuti khalasi, katenge katundu wako. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana thanki. Anaigogoda ndi chala uku ndi uku. Mbali ina inkalira bwino, mbali ya rabala ija inkalira mogontha. "Matula rabalayo," anatero.

Pansi pa rabala panali kachitseko ka mabawuti komwe sitinakaone. Titamasula tinapeza kuti thankiyo inali yogawa pakati, ndipo mwini wake woyamba anathithikira masiponji m'chipinda chachiwiricho kuti petulo asamakhavuke bage ikamadumpha. Madzi anga onse aja ankangodutsa pamwamba. Ustadi anasolola siponji imodzi n'kuifinya. Munatuluka madzi osakanikirana ndi petulo, akuyenderera m'mkono mpaka m'chigongono. Fungo linadzaza shedi yonse, anzathu anachita kubwerera m'mbuyo. Iwo anaifikitsa siponjiyo pamphuno penipeni, nkhope osasintha ngakhale pang'ono.

Anasamba m'manja, anatenga siponji ija ndi pulayala n'kupita nayo kutali pamchenga. Anakolekera kansanza kuwaya wautali, anakayatsa, n'kukhudzitsa. Lawi linadumpha kupitirira mutu wawo. Inali siponji imodzi, ndipo mkati muja munali mutatsala ambiri.

Atabwerera anakhala patayala, anandikodola kuti ndikhale pambali pawo. Anayankhula motsitsa. "Mphuno yanga inafa nthawi ya korona. Sindimva kanthu, ngakhale chakudya. Ndimangonunkhiza mwa chizolowezi. Sindinauze munthu, ndani angasunge ustadi wa mathanki wopanda mphuno?" Kenako anafunsa, "Iwe unamva liti?"

"Poboola paja."

"Ndiye za tiyi zija zinali za chiyani?"

Ndinawafotokozera kuti kwathu wamkulu sitimutsutsa pamaso, timazungulira kuti amve yekha. Ndinkaganiza kuti aseka. Anangopukusa mutu. "Kwathunso n'chimodzimodzi. Amene anandiphunzitsa ine ntchito anali ndi diso limodzi. Tsiku limene diso linalo linawonongeka, tonse tinaona kuti mwala wa girayinda ndi wong'aluka, tonse tinali ndi ulemu." Anandimenya paphewa. "Tiyi uzindipatsa kunja uko. Muno ukaona moto uzinena kuti moto."

Mtima unakhala pansi mwakuti ndinamva njala nthawi yomweyo, njala yeniyeni ya munthu amene walima tsiku lonse. Ndinaseka popanda choseketsa, misozi ili m'maso, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Ntchito tinaiyambiranso. Tinachotsa masiponji onse, tinatsuka zipinda zonse ziwiri, tinaumitsa. Mulenga atafika tinalowetsa mita mbali zonse, sinalire. Ustadi anaiyang'ana mita ija, kenako anandiyang'ana ine. "Malawi, mphuno." Ndinawerama pamaso pa anthu onse, ndinanunkhiza pakabowo, ndinati palibe. Apo m'pamene anatsitsa chipewa. Atamaliza tinalowetsa mpweya, tinapaka sopo, thovu silinatuluke ngakhale limodzi. Tinamaliza mochedwerapo, kasitomala anadandaula kuti anzake anyamuka kale. Ustadi anangomuonetsa mulu wa masiponji uli padzuwa, mnyamata uja anati shukurani, zikomo yakwawo, n'kusiya zodandaula.

Madzulo ndinamuimbira Esinati. Nditafika poti ndinawagwira dzanja abwana n'kuwazimitsira makina, anangoti, "Mayo ine, achimwene." Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono ngati ntchito ikadalipo. Ndinati ilipo, ndipo abwana nawonso alipo. Ndinamumva akupumira m'mwamba, ana a abwana ake akusokosera chapatali.

Chinsinsi cha mphuno ya Ustadi ndinachisunga mpaka iwo eni anadzachiulula okha kwa mwini garaja, amene anangogula mita yachiwiri n'kulamula kuti isamatuluke pakhomo. Ulemu sindinautaye. Mpaka lero wamkulu akandipatsa chinthu ndimalandira ndi manja awiri, ndipo Mulenga amandisekabe. Koma pakakhala petulo, magetsi kapena galimoto yokwezedwa pajeke, mawu oti mwina ndi kaya ndimawasiya pageti. Watsopano aliyense akabwera pagaraja ndimamuuza tsiku loyamba kuti akaona cholakwika m'manja mwanga asandifunse ngati ndatopa.

Patapita masiku angapo chichokereni Ustadi, foni yanga inalira. Chinali chithunzi cha ukwati, chopanda mawu aliwonse. Mwana wawo wavala zofiira, waweramitsa mutu, iwo aima patsogolo pake akumudalitsa, ndevu zija atazipakanso hena watsopano. Anzanga ankasirira nsalu ndi zibangili. Ine ndinakulitsa chithunzicho n'kumangoyang'ana manja amene anali pamutu pa mwanayo, onse awiri, zala zonse zilipo.