Video ya Dash Cam Imene Inkakana Kutseguka

Anzanga, Stafford ndinakumana naye pakhonde la chipatala cha mishoni, shati yake ili magazi okhaokha. Magazi a achimwene anga, a Zakeyu.

A Zakeyu ankapalasa kabaza pakati pa Luchenza ndi kuminda ya tiyi. Tsiku limenelo kunali chiperoni, nkhungu itatseka msewu. Galimoto inawagunda chakumbuyo, mwendo n'kuthyoka pawiri. Iwo sanaone chilichonse.

"Ndinu achibale awo?" anandifunsa mnyamatayo. "Ndine dalaivala wa pa esiteti, ndawatola pamsewu. Minibus yoyera ndi imene yawagunda, yathawa."

Ndinagwada. Ine Tamanda, mawondo pa simenti, kumuthokoza.

Kuyambira pamenepo sankajomba kuchipatala. Lero nthochi, mawa mapeyala. A Zakeyu atatuluka, akuyendera ndodo, kabaza atasiya, anagwiritsa tambala wawo wamkulu n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Alamu, popanda inu ndikanafera pamsewu."

Alamu! Munthu asanandifunsire n'komwe. Ndipo atandifunsira sindinachite zoti ndikaganize kaye, ndinalola pompo. Munthu wopulumutsa m'bale wako umamukana bwanji? Mayi ankamutcha mngelo. Tsiku la chinkhoswe linapezeka msanga.

Koma minibus ija inkandidya mumtima. Wina analumalitsa achimwene, ana awo akuvutika, iye akungoyenda mwaufulu. Ndinkafuna nambala yake basi.

Tsiku lina ndili mu pickup yake ndinaona kakamera pagalasi lakutsogolo.

"Aka n'kachiyani?"

"Dash cam. Abwana anaika m'magalimoto onse, kamajambula msewu."

"Ndiye kuti minibus ija inajambulidwa?"

Anaseka. "Babe, memory card ya tsiku limenelo inafa. Video yake sitseguka, ndinayesa paliponse. Ndinachita kuikamo ina."

Ine ndine wamakani, anzanga, kwathu amandidziwa. Ndinamuvutitsa mpaka anatopa nane.

"Tenga, ukayese wekha," anatero, akundiponyera kakhadiko pamiyendo. Analibe mantha ngakhale pang'ono.

Pafoni yanga: file not supported. Pa laptop ya mnzanga, mdima wokhawokha. Ndinaika VLC, program yoonera mavidiyo, ndinasintha card reader, osatheka. Chondidabwitsa n'chakuti mavidiyo ena onse ankatseguka bwinobwino. Tiyi, thirakitala, amayi ali ndi mabasiketi kumsana... Imodzi yokha ndi imene inkakana, yomaliza.

Ndinapita kwa Joan, wojambula maukwati ku Luchenza. Ndi yemweyo amene tinamuuza kuti adzajambule chinkhoswe chathu.

"Izi zimandichitikira batire ikathera pakati pa ukwati," anatero Joan. "Zithunzi zimakhala zilimo, koma kamera imakhala isanatseke file. Apa mwina moto unadulidwa mwadzidzidzi, kapena wina anasolola card kamera ikujambula."

"Imakonzeka, asisi?"

"Nthawi zina. Tiyambe takopera kaye, tisawononge zambiri. Kenako program imaonera pa video yabwino ya kamera yomweyo, n'kukonza yowonongekayo."

Ndinakhala pambali pake ndikupemphera kuti nambala ya minibus ioneke.

Inatseguka.

Nkhungu. Mawaipa akupita uku ndi uku. Mawu a Stafford akuseka pafoni. Kenako njinga kutsogolo, jekete yachikasu ya achimwene... phokoso.

Kunalibe minibus, anzanga. Mumsewu monse munali galimoto yake yokha.

Galimoto inaima. Ndinamva akupuma mwabefu, kenako anati, "Mayo ine, ntchito yanga." Dzanja linabwera kukamera, wotchi yake ikuoneka. Mdima.

Ntchito yanga. Osati munthu uja ali moyo kodi, ayi. Achimwene akukha magazi pamsewu, iye anayamba wasolola card, kutsika pambuyo.



Joan anandiikira video ija mufoni. Nditafika kunyumba masana amenewo ndinawapeza pakhonde, Stafford ndi a Zakeyu, akusewera bawo n'kumaseka. Ndinaika foni pamwamba pa bawoyo.

"Yatseguka," ndinatero.

Nkhope ya Stafford inasintha video isanayambe n'komwe.

"Tama, tiye tikakambirane kuseri."

"Kuseri kukatani? Mwendo ndi wa awa. Lankhulani pompano."

"Ndinachita mantha, akanandichotsa ntchito. Koma ndinawatengera kuchipatala, si choncho? Wina akanathawa."

"Ndiye tikuombereni m'manja? Ndinakugwadirani ine! Mwadya m'mbale za mayi anga miyezi yonseyi, mukutiona tikutukwana minibus yoti kulibe."

"Koma iweyo ndimakukonda zenizeni."

Mwina ankanena zoona, ndipo n'zimene zimandinyansa kwambiri. Anandikonda akudziwa, ine ndinamukonda ndisakudziwa.

A Zakeyu sanakalipe. Anatenga foni ija, anaonera mpaka kumapeto, anaibwereza. Kenako anamuyang'ana Stafford, njere za bawo zikadali m'manja.

"Ndiye tambala uja ndinkathokoza naye chiyani?"

Stafford anadzuka n'kumapita, ndipo palibe anamuperekeza.

Card ili kupolisi. Chinkhoswe chinathera pomwepo. Bawo ija ikadali pakhonde, achimwene sanaigwirenso.

Anzanga, munthu akakhala woyamba kufika pa tsoka lanu, musathamangire kugwada ngati ine. Yambani mwamufunsa kuti anali pati pamene linkachitika.