Namzeze Wovala Mphete

Ndinabadwira m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo mbalame zomwe ndinakula ndikuzidziwa zinali za kumtunda: njiwa, apumbwa, nkhwali za m'minda ya nandolo ndi akhungubwe otibera makaka padenga. Nyanja ya Chilwa tinkangoionera patali tikakwera phiri kokatola nkhuni, ili mbee ngati lata latsopano. Sindinaiyandikirepo mpaka pamene ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya m'mbali mwake. Ndinapita ndi katundu wokwana panjinga imodzi, ndikuti ndikangokhalako zaka ziwiri. Chaka chachiwiri chisanathe ndinali nditakwatira komweko, nditamanga kanyumba pakhomo pa apongozi anga aakazi.

Amene anandilowetsa m'nyanjamo ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwo anakwatira m'mudzi woyandikana ndi wathu, koma tsiku silinkatha asanafike kwa mayi awo. Anali msodzi wa matemba, ndipo nsomba zikavuta ankatchera mbalame m'dambo ndi misampha kapena ulimbo. Anali munthu wamfupi, wa mawu okweza, wokonda kuseka anzake, ndipo mkamwini wa kuphiri wosadziwa kusambira anali ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku.

Loweruka lina ananditenga m'bwato. Ndinakhala pansi nditagwiritsa mbali zonse ziwiri, iwo ataimirira kumbuyo akukankha ndi nsungwi yaitali. Tikudutsa m'kanjira ka pakati pa njedza, udzu wautali uja umamera m'madzi, ndinaona chimbalame choyera, chachikulu, cha thumba kunsi kwa mlomo.

"Alamu, taonani tsekwe wamkuluyo," ndinatero.

Anaseka mpaka bwato linapendekera. "Aphunzitsi athunthu, vuwo mukumuti tsekwe? Ana athu muwaphunzitsa chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo anadzipatsa ntchito yondiphunzitsa. Anandionetsa chipweyo, bakha wa m'tchire wolira ngati munthu akuimba likhweru. Anandionetsa nadititi, yomwe imabisala m'udzu osafuna kuuluka. Akakowa ndinkawadziwa kale, koma sindinkadziwa kuti alipo amitundumitundu, ena otsata ng'ombe kumtunda, ena osachoka m'madzi. Mbalame zonse ankazigawa pawiri: eni dambo, omwe timakhala nawo chaka chonse, ndi alendo, omwe amafika mvula ikayandikira ndi kuzimiririka mpunga ukayamba kucha. Ankadziwa mlendo woyamba kufika ndi wotsiriza kuchoka. Akaona timbalame tina ta miyendo yaitali tikuthamangathamanga m'matope, ankauza mayi awo kuti akonze mbewu.

Mwa alendo onse, ochuluka anali anamzeze. Ankagona m'njedza, ndipo m'mamawa ankadzuka onse pamodzi ngati utsi wa lupsa. Tsiku lina m'mwezi wa Novembala tinaima pagombe tikuwaonerera, alamu n'kundifunsa mosaseka konse:

"Inu ndi a ku Michesi. Tandiuzani, phanga lija lili mbali iti ya phiri?"

"Phanga liti?"

"Lomwe anamzezewa amakabisalamo nthawi yozizira. Akachoka kuno amalowera cha kwanu. Bambo athu ankatero."

Ndinawauza kuti phirilo ndinalikwera kangapo konse ndipo phanga la anamzeze sindinalionepo. Ndinawauzanso kuti kwathu akuluakulu ankati mbalamezi zikasowa zimakhala zapita kunyanja, kukakumba m'matope. Tinayang'anana. A kuphiri ankati zili kunyanja, a kunyanja ankati zili kuphiri, ndipo panalibe amene anapitako kukaona.

Pamenepo ndinakumbukira zomwe ndinawerenga m'buku lina tili kusukulu ya uphunzitsi, zoti mbalame zina zimachokera ku Ulaya. Nditanena, alamu anandiyang'ana ngati ndadwala malungo.

"Kambalame kopepuka ngati bokosi la machesi? Ine kupalasa njinga mpaka ku Phalombe ndimafika miyendo itafa. Iko ku Ulaya?"

Kunena zoona, nanenso sindinkakhulupirira kwenikweni. Zinali za m'buku, zongolowezera mayeso. Alamu anali ndi mfundo yawo yomwe sindinkatha kuiyankha. Pakhonde la sukulu yathu panali anamzeze ena a mizeremizere pachifuwa, omwe ankaumba zisa zadothi ndi kuswa ana tikuona. "Amenewo ndi athu," ankatero. "Koma awa a pakhosi pofiirawa, munaonapo chisa chawo? Munaonapo dzira lawo? Ndiye amaswera kuti ngati si m'phangamo?"

Mkanganowu unatha miyezi iwiri. Mkazi wanga anatopa nawo mpaka ankati tikauyamba, iye ankanyamula lichero lake kukapetera kuseri kwa nyumba.

M'mwezi wa Januwale, m'mawa wina wa Loweruka, alamu anafika pakhomo ndi kadengu kovundikira. Anali atatchera ulimbo m'bango, ndipo pakati pa mpheta zomwe anagwira munalinso namzeze mmodzi wamoyo. Anapereka kadenguko kwa mlongo wawo kuti akonze ndiwo. Mkazi wanga atamutulutsa namzezeyo, anaima.

"Achimwene, mbalame iyi ili ndi mwini wake."

Pamwendo wake panali kamphete kachitsulo, kakang'ono ngati kambewu ka mpunga kopindidwa. Alamu anabwerera m'mbuyo. Anayamba kunena kuti mwina ndi za anthu okhwima, kuti mbalame ya m'tchire singavale mphete, ndipo ndi bwino kukaitaya m'madzi momwe inachokera. Ine ndinapempha kuti ndione kaye. Nditaiyang'anitsitsa padzuwa ndinaona kuti pamphetepo pali zilembo ndi manambala, koma zinali zazing'ono zedi, maso anga osatha kuziwerenga.

Pakhomo ponse mandala anali ndi munthu mmodzi, apongozi anga, owerengera buku la nyimbo kutchalitchi. Masiku amenewo ndinali ndisanazolowere kuyankhula nawo maso ndi maso. Chilichonse chinkadzera mwa mkazi wanga, ngakhale iwo atakhala pamkeka pomwepo akusenda chinangwa. Choncho ndinauza mkazi wanga kuti awapemphe amayi andibwereke mandala, iye n'kutembenuka kubwereza mawu omwewo m'Chilomwe, apongozi n'kuyankha kuti awauze aphunzitsi asawathyole mwendo wotsalawo, popeza mwendo wina unali womanga ndi ulusi.

Ndinavala mandala a apongozi, mkazi wanga atagwira mbalame, alamu akuzunguza mphete ndi kaudzu, poti mantha anali atawathera chidwi chitawakulira. Ndinalemba chilembo chimodzichimodzi kuseri kwa kope la ana. Panali nambala yaitali, mawu Achingerezi opempha kuti wopeza adziwitse, ndi dzina la mzinda wina. Mzindawo ndinkaudziwa, chifukwa ndinali nditauphunzitsapo m'kalasi. Unali wa ku Ulaya.

Ndinakwera njinga kuthamangira kusukulu, ndinakatenga mapu aakulu a dziko lonse omwe tinkapachika mu ofesi, n'kudzawayala pabwalo, miyala inayi m'makona. Ndinaloza kadontho ka nyanja yathu, komwe pamapupo kankaoneka ngati chitosi cha ntchentche. Kenako ndinayendetsa chala kukwera, kudutsa maiko, kudutsa chipululu chachikulu, kuoloka nyanja yamchere, mpaka pamzinda uja.

Alamu anagwada. Anayeza ndi dzanja lawo mtunda wonsewo, kuyambira chala chachikulu mpaka chapakati, kawiri ndi theka.

"Nanga Michesi ili pati?"

Ndinawauza kuti Michesi ndi nyanja zonse zili pansi pa nsonga ya chala changa.

Apongozi anaimirira kudzasuzumira. Anafunsa mwana wawo kuti Mozambiki ili pati, ine n'kuloza pafupi pomwepo. Anapukusa mutu. Anati mayi awo anachoka kumeneko wapansi ali mtsikana, mtanga pamutu, kuthawa nkhanza za atsamunda, ndipo moyo wawo wonse ankanena za ulendowo ngati anachokera kumalekezero a dziko, pomwe pamapu mpata wake sukwana ngakhale chikhadabo. Kenako anati, ndipo apa anayankhula Chichewa, akuyang'ana ine ndemwe kwa nthawi yoyamba:

"Mlendo woyenda chonchi sadyedwa. Mutayeni apite."

Kumumasula sikunali kophweka. Ulimbo unali utamata nthenga za phiko limodzi. Mkazi wanga anatenga timadontho ta mafuta ophikira n'kumapukuta nthenga imodziimodzi ndi kansalu, kenako n'kuwaza phulusa losefa kuti mafutawo aume. Alamu, omwe anabwera naye ngati ndiwo, ndi amene tsopano ankakalipira mlongo wawo kuti akumufinya. Dzuwa litafika pamutu tinamuika pamwamba pa nkhokwe. Anakhala pamenepo akudzikonza ndi mlomo, nkhuku zikumuyang'ana. Kenako anadzigwetsa ngati agwa, n'kukwera, n'kulowera kudambo. Tsiku limenelo tinadyera mpheta zisanu ndi chigwada, ndipo palibe anadandaula.

Lolemba ndinalemba kalata m'Chingerezi changa cha m'kalasi. Ndinafotokoza nambala, tsiku, malo, ndi kuti mbalameyo tinaimasula yamoyo. Adiresi, yomwe ndinangokopera pamphete ija, inali yaifupi kwambiri moti a ku positi anandifunsa kawiri ngati sindinaiwale zina. Ndinaitumiza choncho, osayembekezera kanthu.

Mvula inatha. M'mwezi wa Epulo anamzeze anayamba kuchepa, ndipo m'mawa wina tinadzuka njedza zili zii. Tinalowa m'ntchito ya mpunga, kuingitsa mpheta, kumweta, kupuntha. Kalata ija ndinaiiwala. Alamu okha ndi amene ankafunsa sabata iliyonse kuti, "Azungu anu aja sanayankhe?"

Yankho linafika m'nyengo yozizira, kudzera kusukulu. Analemba anali mayi wina amene anati ntchito yoveka mbalame mphete amangoigwira mwa chikondi akaweruka. Anati namzeze wathuyo anamuveka mphete ali kamwana kosauluka, m'chisa cha m'khola la ng'ombe, miyezi yochepa chabe tisanamugwire. Anafotokoza kuti kwawo kukayamba kuzizira tizilombo touluka timatha, ndiye anamzeze amatsikira kuno kotentha, ndipo kwathu kukazizira amabwerera kukaswa, nthawi zambiri m'khola lomwelo. Anaikamo ndi chithunzi: khola lamiyala, ng'ombe zamathothomathotho, ndi chisa chadothi pamtanda wa denga, timilomo tinayi tili yasa.

Ndinawerenga kalatayo pabwalo, ndikumasulira chiganizo chimodzichimodzi. Alamu anatenga chithunzi n'kuchiyang'ana mpaka kuchitembenuza kumbuyo. Chomwe chinawakhudza si mtunda ayi, koma msinkhu wa mbalameyo.

"Ndiye kuti kanali kamwana? Ulendo woyamba? Anakalondolera ndani njira ya ku Chilwa?"

Funso limenelo kalata sinayankhe.

Tsiku lotsatira anabwera ndi envulopu yogula okha, n'kundikhazika pampando. Anati nthawi ino kalata alemba ndi iwo, ine ndingokhala dzanja. Anayamba ndi moni wa banja lonse, kutchula aliyense mpaka mbuzi. Kenako anati ndilembe kuti mbalame ya mayi wa ku Ulaya uja inafika kuno yowonda, ndipo aziyesetsa kuidyetsa isananyamuke. Anati ndilembenso kuti kuno inkagona pabwino, m'njedza zosafikako mphaka, ndipo inachoka itanenepa. Za ulimbo anati ndisatchule. Mkazi wanga ali kukhitchini anafuula kuti ndilembe ndithu, n'kuonjezera kuti amene anapukuta nthenga ndi iye. Ndinalemba zonse ziwiri.

Pomaliza alamu anatulutsa matemba ouma atatu m'thumba la malaya, ati tiike m'envulopumo mayiwo alaweko za kuno. Apongozi ndi amene anawaletsa, ati kalata idzafika ikununkha ndipo atiyesa anthu opanda khalidwe. M'malo mwake tinaikamo ngala imodzi ya mpunga wa m'munda wathu, yomwe apongozi anasankha okha.

Ku positi tinapita awiri panjinga imodzi, alamu akupalasa, ine kumbuyo nditagwira envulopu. Anakana kuti ndiponye ine. Anaiponya okha m'bokosi, n'kusuzumira pakamwa pa bokosilo kuona ngati yatsikadi.

Mayi uja anayankhanso kamodzi, kuthokoza chifukwa cha mpunga, ati anauika m'botolo pawindo. Kenako makalata analeka, monga zimakhalira. Alamu sanasiye kutchera mbalame, pakuti ana awo ankafuna ndiwo, koma namzeze aliyense wogwidwa pa ulimbo ankamuyang'ana miyendo yonse iwiri n'kumumasula. Mphete ina sanaipezenso. Chithunzi chija anachikulunga m'pepala lapulasitiki n'kumayenda nacho m'bwato, ndipo asodzi a m'misasa ya kunyanja anachiona onse, ena kangapo. Nkhaniyo inkakula chaka ndi chaka. Nthawi yomaliza yomwe ndinawamva akuisimba, pamaliro ena ku Mkhumba, zilembo za pampheteyo anali ataziwerenga okha, opanda mandala, ndipo amene ankakakamira zoti anamzeze amagona m'matope ndinali ine.