Manja a Changu

Mumsewu wonse uja, kuyambira pa wometa mpaka pa wosoka nsapato, panalibe woluka tsitsi wofanana ndi mayi amene ankamutcha Changu. Mutu wonse ankaumaliza tiyi asanazizire, mizere yowongoka ngati wachita kuyeza. Tsono apakamwa akuti anayamba kuledzera. Bodza lamkunkhuniza! Mowa mayi ameneyu sanaulawepo.

Ali ndi zaka khumi anadwala zilonda zapakhosi, makolo n'kumati ndi chimfine chabe. Kenako mawondo anatupa. Patapita miyezi manja anayamba kudzigwedezera okha, makapu n'kumasweka. Anakwapulidwa kangapo ati ndi mwano, mpaka dokotala ananena kuti nthenda yapakhosi ija yakhudza mtima ndi ubongo. Zinaleka, koma anamulamula kubayitsa jakisoni mwezi uliwonse.

Tsoka ilo, tsiku la jakisoni linkagwa kumapeto kwa mwezi, pamene benchi ya pasaluni imadzaza. "Ndipita mawa," ankatero, manja ali m'mutu mwa munthu. Mawa lakelo linakwana zaka zisanu. Atatenga pakati pachiwiri, nthenda ija inabwerera. Tsiku lina dzanja linathawa n'kukamenya khutu la kasitomala. Nkhope inkadzikwinyira yokha. Benchi inauma.

Anayamba kumangokhala pakhonde atakhalira manja ake, maso ali pa mitu yodutsa. Akaona wina atalukidwa mokhota, iye mtima n'kumamuwawa ngati amulanda mwana. Jakisoni anayambiranso, ndipo dokotala anati akadzabereka mwina zidzaleka. Koma mwana wake woyamba ankayamba sukulu Lolemba, ndipo chibadwire mutu umenewo sunakhudzidwepo ndi dzanja lina.

Lamlungu masana anayesa. Chipeso chinauluka n'kukagwera m'chidebe cha madzi.

"Timutengere kwa anzako aja," anatero mwamuna wake, wowotcherera zitseko zachitsulo.

"Omwe akunditcha chidakwa aja? Bambo a mwana, kasambeni m'manja mudzakhale apa."

"Ine? Ndi zala ngati mapaipizi?"

"Mapaipi omwewo. Gawani patatu. Lakumanja lipite pakati. Osakoka, si waya ameneyo!"

"Amayi, ababa akundizula!" analira mwana.

"Pirira mwanangu, akukuwotcherera."

Thukuta linali kamukamu pa bambo uja, kuposa akamanyamula geti. Dzuwa likupendeka inatuluka mizere inayi, yokhota ngati podutsa njoka. Changu anaiyang'ana nthawi yaitali. Pansi pa ntchafu manja ake ankaphiriphitha, kufuna kumasula zonsezo n'kuyambiranso. Sanawatulutse. Anawerama n'kutsamiritsa tsaya pamutu pa mwanayo, kununkhiza mafuta atsitsi amene anawasowa miyezi itatu.

"Akakakufunsa kusukulu kuti wakuluka ndani, ukati chiyani?"

"Ndikati ababa."

"Eya. Koma ukawonjezere kuti amayi akudwala, sanaledzere. Ndipo benchi yawo ya pasaluni ija asaichotse, adzabwereranso."