Pulaka ya Mawu a Ababa

Ndinaganiza zopita ku Tete mlungu umene ababa anatuluka m'chipatala. Anabwera amoyo, koma mkono wamanja unali wolefuka ndipo lilime silinkagwiranso ntchito. Munthu amene ankatsogolera kwaya ya ku Fonte Boa tsopano ankangotiyang'ana, milomo ikunjenjemera. Kachewere anali asanakhwime, mankhwala ankafuna ndalama. Atsibweni a Zakariya, mlongo wawo wa amayi, anati ndikawalerere mwana ndi kusesa m'loja yawo yokonzera makompyuta. Ndinasiya sikola. Palibe anandikakamiza. Ndinanena kamodzi, motsitsa mawu, amayi n'kuvomera akuyang'ana kumbali.

Chisoni china chinali patebulo la pabalaza. Kompyuta imene ansembe anapatsa ababa inali ndi nyimbo zonse zimene iwo anajambula ndi kwaya. Mphezi itagunda mtengo wa magetsi dzinja lomwelo, inkayaka bwinobwino koma osatulutsa mawu. Amayi anaiphimba ndi chitenje. "Yatsanzira mwini wake," anatero.

Ku Tete kunali kotentha moti juzi langa linasanduka pilo. Anthu ankalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi mothamanga, ine n'kumayankha ndi mutu. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni, n'kutsala ndi ya sopo. Lamulungu amayi ankaimba. Tikatha za nyemba ndi za mvula ankati, "Lankhula ndi ababa ako." Ndinkamva kupuma kwawo basi. Ndinkati, "Ababa, ndili bwino," mawu n'kundithera, tonse awiri n'kumangopumirana mpaka foni kuduka. M'kabuku kanga ndinkalembabe kuti lero ndacheza ndi ababa.

Mwana akagona ndinkaima kumbuyo kwa atsibweni n'kumaonerera. Tsiku lina munthu anabweretsa kompyuta yosatulutsa mawu.

"Iwe Mena, wangoti njo ngati mzati. Ukufuna chiyani?"

"Ya kwathu nayo ili chomwechi, atsibweni."

"Ndiye miyezi yonseyi osanena? Kompyuta zii, ababa ako zii, iwenso zii! Banja lanji limeneli?" Anaseka, kenako anachita manyazi ndi nthabwala yawo, n'kundikokera mpando.

Anandiphunzitsa kuti kutsegula bokosi n'komaliza. Uyambe waona ngati mawu sanatsekedwe pasikirini. Makoluna, timabokosi totulutsa mawu tija, uwalumikize kufoni. Akaimba, mlandu si wawo. Waya ulowe pakabowo kobiriwira, osati kapinki. Zonsezi zikakhala bwino koma kuli chetebe, chapsa ndi cham'kati. "Mphezi imakonda pamenepo," anatero. Anandionetsa kanthu kathyathyathya konga chikhatho, ka mano agolide kunsi kwake. Iwo ankati pulaka de som. Ine ndinalemba kuti pulaka ya mawu.

Khirisimasi itayandikira anandifunsa ngati ndikufuna nsapato. Ndinaloza pulaka yakale imene inali pashelefu.

"Ukayenda nayo kutchalitchi imeneyi?" anatero, koma anaikulunga okha m'pepala, n'kundiikira pulogalamu yake mu fulashi.

Shapa, minibasi yopita kwathu, itayamba kukwera mapiri a ku Ulongwe, mphepo inandilowa m'mafupa ndipo ndinavala juzi lija ndikumwetulira ndekha. Ababa ndinawapeza pakhonde, ataonda. Anandigwira mutu ndi dzanja lamanzere kwa nthawi yaitali.

M'mawa mwake ndinachotsa chitenje. Ndinatsata zonse monga anandiphunzitsira: sikirini inali bwino, makoluna anaimba pafoni yanga, waya unali pamalo pake. Ndinazula magetsi, n'kugwira chitsulo cha bokosi kuti mphamvu ya m'thupi mwanga isapsereze kanthu. M'kati munali fumbi ndi ukonde wa kangaude. Ndinapukuta ndi nthenga ya nkhuku. Pulaka ndinaikanikiza pang'onopang'ono m'kanjira koyera mpaka inati khethe, n'kumanga palafuzo, kamsomali kake kopota. Amayi anali atalowetsa ababa m'nyumba n'kuwakhazika pambali panga. Zimenezi zinandiopsa. Ndinkafuna ndiyese ndekha kaye.

Ndinayatsa, n'kuika pulogalamu, n'kusankha nyimbo yoyamba. Kamzere kanayamba kuyenda pasikirini. Mawu kunalibe.

Ndinaona kuti ababa akhalira pampando kudzamva chete wina.

"Isiye, mwanangu, wayesetsa," anatero amayi.

Pamenepo ababa anagogoda tebulo. Anagogodanso, n'kuloza kumbuyo kwa bokosi, chala chikutsika pansi. Ndinasuzumira. Waya ndinali nditaubwezera pakabowo kobiriwira kakale, kakufa kaja. Katsopano, ka papulaka, kanali m'munsi. Iwo anaona zonse.

Nditausuntha, nyimbo siinayambe ndi kuimba. Inayamba ndi ababa, mawu awo enieni, okalipa: "Ayi, ayi, azimayi mwathamanga! Tiyambenso."

Sindinathe kuwayang'ana. Ndinkaopa kuti ndawapweteka, kuti munthu sangapirire kumva chimene anataya. Kwaya itayamba ndinadzutsa maso. Dzanja lawo lamanzere linali m'mwamba, likukwera ndi kutsika. Pakati pa ndime anagwira mkono wa amayi, n'kuufinya kawiri.

"Bodza!" anatero amayi. "Bodza limenelo, bambo a Mena."

"Akuti chiyani, amayi?"

"Akuti wothamanga uja ndinali ine. Akhala akundinena zimenezi chaka chonse." Anawabwezera kufinya, ababa n'kugwedezeka mapewa. Ankaseka.

Ku Tete ndinkalira poganiza kuti kwathu kuli zii, kuti mawu ndiwabweretsa ine m'pepala. Koma anthu awiriwa sanasiye kukangana ngakhale tsiku limodzi. Amene sankamva ndinali ine. Ndinasendeza mpando, n'kuika mkono wanga pabondo la ababa.

"Amayi, kufinya kamodzi ndiye kuti chiyani?"

"Funsa eni ake," anatero. "Ali pomwepo."