Mkazi wa Pamphambano Amene Ndinamudula mu Fita

Ntchito ya sinema ndinaipeza chifukwa cha waya wa njinga. Nkhondo itatisamutsa ku Mualadzi, ine ndi mkazi wanga tinakamanga chisakasa ku Cassacatiza, pafupi ndi asilikali, ndipo ndinkakhala pansi pa mtengo n'kumamata machubu a njinga. Tsiku lina kunabwera a Pulofesoro Albino, mphunzitsi wochokera kutali kunyanja ya mchere, atanyamula chingwe choduka cholizira jeradoro, injini yopangira magetsi. Ndinapita nawo, ndinalowetsapo waya wa buleki, ndinakoka kamodzi, jeradoro n'kulira. Iwo sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana manja anga. "Manja ako ndi ofatsa, Zakariya. Ubwere mawa."

Anali ndi makina oonetsera sinema, ndipo mafita, ndiwo mafilimu, ankabwera m'zitini zophwatalala pa koluna, magalimoto oyenda pamodzi moperekezedwa ndi asilikali. Tinkaonetsa Sabudu, ndilo Loweruka, masana m'nyumba yakale yosungiramo thonje, mazenera titatseka ndi masaka, chifukwa dzuwa likalowa phokoso la jeradoro linkamveka kutali kwa anthu osafunika kulimva. Nsalu yoyera yoonetserapo inali ya patebulo la kutchalitchi.

Anandiphunzitsa pang'onopang'ono. Bobina, gudumu lokulungirapo fita, yodzaza ikhale kutsogolo, yopanda kanthu kumbuyo. Fita uilowetse m'mano a magudumu, timabowo take tikhale bwinobwino, ndipo usiye kamphata pamwamba ndi pansi pa kachitseko kodutsa kuwala, apo ayi ikoka n'kung'ambika. Kachitsekoko uzikapukuta ndi nthenga ya nkhuku. Lampada, babu ya m'makinamo, usaigwire ndi chala. Fita ikaduka, udule pamzere wolekanitsa zithunzi, upale mbali yosawala ndi lumo, upake kola womatira pang'ono, ukanikize n'kuwerenga mpaka makumi atatu. Kumata ndinakudziwa msanga kuposa eni ake, ndipo ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Anthu ankanditcha Mesitiri, kunena mmisiri wamkulu. Ine, womata machubu!

Mafita amene tinkakonda anali a karate, a mfuti ndi a Amwenye ovina m'mapiri. Munthu mmodzi akagwetsa anthu khumi, nyumba yonse inkachita kugwedezeka, ine kumbuyo kwa makina ndikuponya nawo zibakera m'malere. Kwa ine sinema inali imeneyo basi.

Ndiye koluna ina inatisiyira zitini ziwiri zopanda chithunzi pamwamba. Inali fita yopanda mitundu, ya kudziko lozizira, anthu ake ovala zijasi ndiponso ouma pakamwa. Mnyamata wina anatengedwa ndi anthu a pagalimoto. Mayi wake anayamba kupita pamphambano n'kukaima. Kuima basi! Popanda nyimbo, popanda mawu, mphepo yokha ikukupiza mpango wake, galu n'kudutsa. Anaima choncho katatu, ndipo ulendo uliwonse munthu ukanatha kukatunga madzi n'kubwera iye akadali pomwepo. Chakumapeto anzake anakolola, anavina, iye anakhala nawo paphwando, kenako anadzuka n'kubwerera pamphambano paja kukaima kachitatuko. Fita n'kuthera pomwepo.

Abale, zimene ndinaona tsiku limenelo! "Mesitiri, makina agona!" "Tatulutsa wakarate, iwe!" Zitsononkho za chimanga zinkandigwera pamutu. Asilikali anatuluka akutukwana. Nditachotsa masaka m'mazenera ndinapeza mayi mmodzi wachikulire atakhalabe pansi, miyendo atatambasula. Anati ndi a Nabanda, a kufupi ndi Nsadzo, ndipo anabwera kudzafuna mchere.

"Bambo, mudzaonetsanso liti imeneyi?"

"Sabudu likubwerali, amayi, poti ina palibe," ndinatero, ndikuganiza kuti akundiseka.

Ndinadandaula kwa a Pulofesoro kuti fita iyi itichotsa ulemu. Iwo anangoti, "Iyi sithamanga. Uionere monga umakhalira ndi munthu wofedwa." Mumtima ndinati, zakusikola izo, zitsononkho zikugenda ine. Lachiwiri lake a Pulofesoro anadwala malungo kwambiri, n'kuwatengera kuchipatala kutsidya kwa malire. Makiyi anatsala ndi ine.

Lachinayi ndinadzitsekera m'nyumba ya thonje ndi lumo ndi kola. Ndinkazunguza bobina ndi dzanja, fita ndikuiyang'anira pakuwala kwa pazenera, ndipo paliponse pamene mkazi uja waima ndinkasiya kuphethira kumodzi kwa diso, kwinako n'kudula. Kuima kotsiriza ndinachotsa konse, fita izithera paphwando anthu akuvina. Ndinamata mwaluso, moti podutsa m'makina simukanamva ngakhale kugunda. Zodulazo zinadzaza dengu. Poopa kuti a Pulofesoro angazipeze, ndinakazikhuthulira m'chimbudzi cha kuseri, n'kukankhira ndi mtengo. Ndinasamba m'manja ndikuimba mluzu.

Sabudu ndili mkati moyeretsa kachitseko ka makina, a Nabanda analowa ndi bambo wina wa imvi ndi amayi awiri. Mapazi awo anali otuwa ndi otupa. Anayenda m'tinjira ta m'tchire, poti mumsewu munkaopsa mabomba okwirira. Anthu ena atakhazikika, a Nabanda anabwera kumakina, anagwada, n'kuyankhula chapansipansi.

"Awo ndi alongo anga, a Jeremiya, eni mbumba. Mwana wanga Tomasi anamugwira a matsanga, ankhondo a m'tchire aja, kumunda, dzinja ladutsa kawiri tsopano. Alongo anga akuti Lachiwiri tikwirire mvunguti m'malo mwake, timete, zithe. Ine ndikuti mwana wanga sindinamuone atafa. Akuti palibe munthu wamutu wabwino amayembekezera chonchi. Ndiye ndawabweretsa adzaone mayi uja. Pakamwa panga pandikanika, mwina iyeyo amumvera."

Kwathu munthu akasowa osapezeka mtembo, amaika chipatso cha mvunguti m'manda, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina lake limatchulidwa pamodzi ndi akufa. Ndinadziwa chimene mayiyu anayendera ulendo wonsewo, ndinadziwanso kumene chinali. Pakamwa panali potsegula, nthawi inalipo. Ndikanangoti, "Amayi, ndalakwa." M'malo mwake ndinati, "Khalani kutsogolo kuti muone bwino," n'kulowetsa fita m'mano.

Inayenda ngati madzi. Mnyamata anatengedwa, mayi anapita pamphambano, anasuzumira, tsiku n'kusintha. Kawiri konse anangosuzumira. Kenako kukolola, kuvina, iye ali paphwando mbale ili m'manja, nsalu n'kuyera. Anthu sanaombe m'manja, koma sanandigende, ndipo msilikali wina potuluka anandimenya paphewa. "Lero ndiye wachita zamzeru, Mesitiri."

A Jeremiya anadzuka akudzisasa fumbi. Sanali munthu wankhanza, anayankhula mofatsa. "Mlongo, mwachita bwino kutionetsa. Mnzanu uja wasuzumira kumsewu, waona kuti kulibe kanthu, wabwerera kukakolola ndi anzake. Si zomwe takhala tikukuuzanizi?"

A Nabanda anatembenukira kwa ine. "Bambo, si imeneyi. Uja anaima. Anaima mpaka miyendo yanga inandipweteka. Ndipo paphwando anachokapo. Tawauzani."

Anthu anayi akundiyang'ana, ine ndikukulunga waya wa jeradoro pamkono.

"Fita ndi yomweyo, amayi," ndinatero. "Mwina tsiku lija munali otopa."

Mmodzi wa amayi aja ananong'oneza mnzake, koma ndinamva: "Ndimanena ine kuti mutu wayamba kusokonekera." A Nabanda anayang'ana nsalu yoyera ija, anayang'ananso ine, anamanga bwino chitenje chawo n'kutsatira alongo awo. Sindinadye tsiku limenelo, ndipo mkazi wanga atandifunsa ndinati m'mimba.

A Pulofesoro anabwerako Lachitatu atawonda. Monga mwa chizolowezi chawo, anayamba kubweza fita pabobina ikudutsa pakati pa zala zawo. Diso silingaone pomata bwino, koma chala chimamva. Anaima, anapitiriza, anaimanso.

"Wadula chiyani?"

"Malo opanda kanthu, a Pulofesoro."

"Opanda kanthu kwa yani?"

Apo ndiye ndinalephera kudzigwira. Ndinaulula zonse, za chimbudzi, za a Nabanda, za bodza langa. Ndinkayembekezera kuti alanda makiyi, ndipo zikanandipepukira. Iwo anatseka chitini n'kunena kuti, "Za fita ndikayankha ndine. Za mayi uja ukayankhe wekha. Njinga uli nayo."

Ndinapalasa m'mawa mwake, pena kukwera, pena kukankha m'tchire, ndikuopa mabomba. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Sindinafunikire kufunsa ngati mwambo unachitika, chifukwa a Nabanda ndinawapeza pakhonde akusola mtedza, mutu uli wometa. Anaitana a Jeremiya. Ndinakhala pansi pafumbi n'kunena pamaso pa onse awiri kuti mkazi uja anaimadi, katatu, nthawi yaitali, kuti paphwando anachokapo, kuti ndinadula ndine ndi lumo langa chifukwa choopa zitsononkho, ndipo ndinanama. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo ngakhale tsiku limene ndinathawa kwathu osanyamula kanthu.

A Jeremiya anati, "Madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Takwirira kale." Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

A Nabanda sanasiye kusola mtedza. "Kukwirira akanakwirirabe mwina," anatero. "Chimene chinandipweteka n'china. Lachiwiri lija, poponya dothi, ndinali nditayamba kukhulupirira inu. Ndinati, kani mayi uja ndinangomulota, ndiye kuti ndili ndekha padziko lonse." Anandipatsa madzi akumwa chifukwa ndinali mlendo. Za Tomasi sindinamvenso kanthu, ndipo sindinganame kuti anabwera.

Ntchito ya makina ndinaigwira zaka zambiri pambuyo pake, nkhondo itatha mpaka mafita a m'zitini atasiya kubwera. Zitini zopanda chithunzi pamwamba, zimene anzanga ankakana, ndinayamba kuzipempha ndekha, ndipo ndinapezamo anthu onga ife: wina akusenda mbatata osayankhula, wina akukonza nsapato za munthu amene kulibe. A karate ndimawaonerabe, sindinawade. Koma lumo langa silinadulenso china kuposa chithunzi chong'ambika. Anthu akayamba kukuwa kuti makina agona, ndinkangopinda manja n'kusiya fita iyende, chifukwa m'nyumba yodzaza anthu simulephera kukhala mmodzi wakhala chete kutsogolo, amene wayenda ulendo wautali kudzaona malo omwewo amene ena akuti mulibe kanthu.